Kuyerekeza madzi oziziritsa oyenda mu jaketi ya thanki poona kutsika kwa presha: mafunso ndi mayankho

M'mafakitale opanga mankhwala, utoto, sopo ndi zina zotero muli mathanki okhala ndi khoma lachiwiri kunja kwake. Pakati pa makoma awiriwo, mu jaketi, mumayenda madzi ozizira ochotsa kutentha kwa zimene zili m'thankimo. Nthawi zambiri pamzere wa madziwo sipakhala mita yoyezera kuchuluka kwake. Pamangokhala mageji awiri a presha, ina polowera madzi, ina potulukira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu amakumana nawo akafuna kuti mageji awiriwo amuuze madzi amene akudutsa.

Kodi n'zotheka kudziwa kuchuluka kwa madzi pongowerenga mageji awiriwa?

N'zotheka, koma mageji paokha sakwanira. Presha imatsika chifukwa cha zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuchuluka kwa madzi amene akuyenda, ndi kupanikiza kwa njira imene akudutsamo. Mukaona presha yatsika ndi 0.3 bar, angakhale madzi ambiri m'njira yotakasuka, angakhalenso madzi ochepa m'njira yopapatiza. Geji siisiyanitsa ziwirizi. Ntchito yonse yagona pa kudziwa kupanikiza kwa njirayo, ndipo pali njira ziwiri zokha: kuwerengera kuchokera pa chojambula cha jaketi, kapena kuyeza madzi kamodzi ndi chida china n'kusunga nambalayo. Yachiwiriyi ndiyo yodalirika, ndipo ndi imene ndingalimbikitse aliyense amene angathe.

Lamulo lolumikiza presha ndi madzi oyenda ndi liti?

Madzi akamayenda mwamphamvu, movundukavunduka, presha yotayika imatsatira liwiro lochulukitsidwa ndi liwiro lomwelo:

ΔP = K × ρ × v² ÷ 2

ΔP ndi presha yotayika mu Pa (muyeso waung'ono wa presha: 1 bar ndi 100,000 Pa), ρ ndi kulemera kwa madzi, pafupifupi 1000 kg pa m³, v ndi liwiro mu mamita pa sekondi, ndipo K ndi nambala yoimira kupanikiza kwa njira yonse. Tanthauzo lake n'lakuti madzi akawirikiza kawiri, presha yotayika imawirikiza kanayi. Mukalitembenuza lamuloli mumapeza chida chimene mudzagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku, momwe Q ndi kuchuluka kwa madzi oyenda, 1 ndi muyeso woyamba, 2 ndi wa lero:

Q2 = Q1 × √(ΔP2 ÷ ΔP1)

Tinene kuti tsiku lina munayeza 10 m³/h presha itatsika ndi 0.2 bar. Lero yatsika ndi 0.3 bar. Gawani 0.3 ndi 0.2, mupeza 1.5, square root yake ndi 1.22, ndiye kuti madzi ali pafupifupi 12.2 m³/h. Ena amakonda kusandutsa muyeso woyambawo kukhala Kv, nambala yomwe opanga mavalavu amagwiritsa ntchito, yosonyeza ma m³/h a madzi odutsa presha ikatsika ndi 1 bar. Jaketi ya m'chitsanzochi Kv yake ndi 10 ÷ √0.2, yomwe ndi 22.4, ndipo kuyambira pamenepo Q = 22.4 × √ΔP, ΔP ili mu bar. Lembani nambala imeneyi pathanki pomwepo.

M'mapaipi ataliatali mphamvu ya liwiro sifika ndendende pa 2, imakhala pakati pa 1.8 ndi 2. Malinga ngati madzi anu sakutsika kupyola theka la muyeso woyamba kapena kukwera kupyola kawiri, kusiyanako sikungakusowetseni tulo.

Geji yolowera ikuti 2.8 bar, yotulukira 2.3 bar. Ndiye kuti ΔP ndi 0.5 bar?

Yambani mwayeza kutalika kwa mageji kuchokera pansi. Madzi oziziritsa kawirikawiri amalowera kunsi kwa jaketi n'kutulukira kumwamba, kuti jaketi idzaze ndipo mpweya uthawire pamwamba. Madzi oima chabe, osayenda n'komwe, amapanikiza pansi ndi pafupifupi 0.098 bar pa mita iliyonse ya kutalika, kapena kuti 1 bar pa mamita 10.2. Ngati geji yotulukira ili mamita 2 pamwamba pa yolowera, pafupifupi 0.2 bar ya kusiyanako ndi kulemera kwa madzi basi. Yotayika chifukwa cha kuyenda ndi 0.3 bar.

Onani mmene zimasokonezera. Ndi jaketi ya Kv 22.4 ija, 0.3 bar ikupereka 12.2 m³/h, pamene 0.5 bar ikupereka 15.8 m³/h. Munthu woiwala kutalika amadzinamiza kuti ali ndi madzi ochuluka ndi pafupifupi 30 peresenti kuposa amene alipo. Madzi akamalowera kumwamba n'kutulukira kunsi zimatembenuka: kutalikako mumawonjezera m'malo mochotsa.

Njira yachidule yotsimikizira: tsekani valavu yotulukira, jaketi ili yodzaza, kuti madzi aime. Werengani mageji onse awiri. Kusiyana kumene mwaonako ndi ziro wanu, wophatikiza kutalika ndi kunama kwa mageji, ndipo muzikuchotsa pa muyeso uliwonse. Musanatero onetsetsani kuti presha yonse ya pampu siposa imene yalembedwa pa chikwangwani cha jaketi.

Kodi mtundu wa jaketi uli ndi kanthu?

Uli nako kwambiri, moti pa mitundu ina njira ya presha imagwira bwino, pa ina imangotaya nthawi.

Jaketi wamba ndi mpata wopanda kanthu wozungulira thanki. Tiyerekeze thanki yotambalala mamita 1.5, mpata wake wa 50 mm. Malo odutsa madzi mumpatamo ndi pafupifupi 0.24 m². Mukalowetsa 12 m³/h, madzi amakwera pa liwiro la masentimita 1.4 pa sekondi, akungokwawa. Pa liwiro limeneli presha yotayika mkati mwa jaketi ndi yochepa moti palibe geji ingaione. Yotsala yonse imatayikira pamilomo yolowera ndi yotulukira. Pa paipi ya mainchi 2, ya 52.5 mm mkati, madzi omwewo amathamanga 1.5 m/s. Madzi akamatuluka m'paipi kulowa pamalo otakasuka K ndi pafupifupi 1, akamachoka pamalo otakasuka kulowa m'paipi ya milomo yakuthwa ndi pafupifupi 0.5. Zonse pamodzi zimapereka 0.018 bar yokha. Pa geji ya 0 mpaka 10 bar muvi sungasunthe n'komwe. Choncho ngati pa jaketi wamba mwawerenga 0.4 bar mutachotsa kale kutalika, dziwani kuti simukuyeza jaketi. Mukuyeza valavu, sefa kapena zigongono za paipi zimene zili pakati pa mageji.

Pali mathanki ena, makamaka okutidwa ndi galasi mkati, amene polowera madzi amaikapo tinozulo topopera madzi cham'mbali kuti azizungulira mu jaketi. Apa zinthu zimasintha. Pafupifupi presha yonse imatayikira pa tinozulo timeneti, ndipo wopanga amakhala ndi tchati chosonyeza madzi odutsa pa presha iliyonse. Kanozulo kotere kamagwira ntchito ngati mita yaulere, bola kasakhale kotsekeka kapena kodyeka.

Jaketi ya half-pipe ndi paipi yong'ambidwa pakati m'litali n'kuwotcheredwa mozungulira thanki. Imeneyi ndiyo yabwino kuwerengera, chifukwa madzi ali ndi njira imodzi yodziwika kutalika ndi kukula kwake. Chenjerani kokha ndi majaketi ogawidwa m'zigawo zingapo zoyendera limodzi: presha imene mwawerenga ndi ya chigawo chilichonse, ndipo madzi onse ndi kuphatikiza kwa zigawozo.

Jaketi yokhala ndi chitsulo chozungulira mkati, chopanga ngalande yokwera mozungulira thanki, pa pepala imaoneka ngati half-pipe, koma imapusitsa. Chitsulocho nthawi zambiri amachiwotcherera ku khoma limodzi lokha, kwinako n'kusiya kampata kuti jaketi ilowe pomanga. Madzi ena amazembera pakampatako osazungulira. Mukawerengera ngati kuti onse akutsata ngalande, mudzapeza madzi ochepa kuposa amene akudutsadi, ndipo kampatako simungakaone muli kunja.

Jaketi ya dimple, ya timaenje towotcheredwa mwapatalipatali, musavutike nayo ndi masamu a mapaipi. Kupanikiza kwake kumadalira kakonzedwe ka timaenjeto, ndipo amene ali ndi manambala ake ndi wopanga. Pemphani tchati, apo ayi yezani nokha.

Ndilibe muyeso woyamba uliwonse. Ndingawerengere bwanji kuchokera pa chojambula?

Pa jaketi yokhala ndi ngalande yodziwika gwiritsani ntchito lamulo la Darcy ndi Weisbach, lotchedwa ndi mayina a Henry Darcy wa ku France ndi Julius Weisbach wa ku Germany. Limati K ya ngalande ndi f × L ÷ D. L ndi kutalika kwa ngalande, D ndi kukula kwake, f ndi nambala ya kukhulana kwa madzi ndi khoma.

Ngalande ikakhala yosazungulira, D mumaipeza pochulukitsa malo odutsa madzi ndi 4, n'kugawa ndi utali wa khoma lonse limene madzi akukhudza mozungulira ngalandeyo. Pa half-pipe yankho limabwera 0.611 kuchulukitsa ndi kukula kwa mkati kwa paipi yathunthu.

Nachi chitsanzo. Half-pipe ya mainchi 3, ya 78 mm mkati, yotalika mamita 40. Malo odutsa madzi ndi 0.00239 m², D ndi 0.048 m. Tiyambe ndi f ya 0.025. K ya ngalande ndi 0.025 × 40 ÷ 0.048, yomwe ndi 20.8. Tiwonjezere 1.5 ya polowera ndi potulukira, zonse 22.3. Presha yotayika ndi 0.3 bar, kapena kuti 30,000 Pa. Liwiro ndi square root ya 2 × 30,000 ÷ 22,300 (22,300 ndi K kuchulukitsa ndi ρ), yomwe ndi 1.64 m/s. Kuchulukitsa ndi malo aja ndi masekondi 3600 kukupereka pafupifupi 14 m³/h.

Pali msampha umodzi: K iliyonse imayendera liwiro la pamalo pake. Ngati mlomo wolowera ndi wopapatiza kuposa ngalande, madzi pamenepo akuthamanga kwambiri, ndipo presha yotayikira pamenepo muiwerengere payokha ndi liwiro la pamlomopo.

Nambala ya f ndiitenga kuti?

Pa tchati cha Moody, chimene Lewis Moody anafalitsa mu 1944, kapena pa lamulo la Colebrook la mu 1939 limene tchaticho chinatengerapo. Pamafunika zinthu ziwiri: kukhakhala kwa khoma, komwe pa chitsulo chatsopano ndi pafupifupi 0.045 mm, ndi nambala ya Reynolds, Re = ρ × v × D ÷ μ, pamene μ ndi kunanda kwa madzi. Popeza Re imafuna liwiro limene mukulifunafunalo, mumayamba ndi f yongoganizira, n'kupeza liwiro, n'kubwerera kukakonza f. Kawiri kokha zimakhazikika. M'chitsanzo chathu Re ndi pafupifupi 79,000, ndipo tchati chikupereka f ya pafupifupi 0.023 pa paipi yowongoka. Kupindika kwa ngalande mozungulira thanki kumaikweza pang'ono, ndiye 0.025 ija sinali patali.

Kunena zoona, f ya pa tchati ndi ya paipi yoyera. Jaketi imene yagwira ntchito zaka zambiri ndi madzi a pa nsanja yoziziritsira sikhala choncho. Yankho la pa pepala mulitenge ngati loyandikira, lotha kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu.

Nanga ngati si madzi okha, muli glycol, mankhwala oletsa madzi kuundana?

Pamenepo samalani. Osborne Reynolds anasonyeza ku Manchester mu 1883 kuti madzi m'paipi amayenda m'njira ziwiri, mwabata kapena movundukavunduka. Re ikakhala pansi pa 2300 amayenda mwabata, ndipo presha yotayika imatsatira liwiro lokha, osati lochulukitsidwa. Lamulo la square root limafa pamenepo. Ikapitirira 4000 ndiye lamulo lathu limagwira. Madzi okha pa madigiri 20 kunanda kwake ndi 1.0 mPa·s, pa madigiri 40 ndi pafupifupi 0.65, ndipo m'ngalande yothamanga kusintha kumeneku kumakhudza f pang'ono chabe. Koma madzi osakaniza ndi glycol, ozizira kupyola ziro, amananda kuwirikiza kangapo, ndipo akhoza kugwera m'kuyenda kwabata. Kv imene munayeza ndi madzi ofunda musaigwiritse ntchito pa glycol wozizira.

Muyeso umodzi wodalirika uja ndingaupeze bwanji popanda kudula paipi?

Njira yakale ndi mgolo ndi wotchi. Lozetsani madzi otuluka mu mgolo wa malita 200. Ukadzaza m'masekondi 60, ndiye 12 m³/h. Kutsegulira madzi panja kumasintha presha ya kumbuyo ndipo madzi amachuluka, koma zimenezo sizovuta, bola wina aziwerenga mageji pa nthawi yomwe mgolo ukudzaza. Chimene mukufuna ndi manambala awiri oyendera limodzi, Q ndi ΔP. Finyani pang'ono valavu yotulukira kuti jaketi ikhalebe yodzaza, ndipo bwerezani pa matsegulidwe atatu osiyana. Kv ikatuluka yofanana katatu konse, mwapeza. Ikasiyana kwambiri, kayikirani ziro wanu kapena mpweya mu jaketi.

Mita ya ultrasonic yomangirira kunja kwa paipi imachita zomwezo osanyowa. Imafuna paipi yodzaza, chigawo chowongoka chotalikirapo, ndiponso kuti muiuze molondola kukula kwa paipi ndi kuchindikala kwa khoma lake. Ngati pamzerepo pali valavu yogawira madzi yokhala ndi timabowo toyezera presha, wopanga amapereka Kv ya malo aliwonse a chogwirira, ndipo valavuyo imasanduka mita yanu. Pa mapepala a ku America mudzapeza Cv m'malo mwa Kv. Chulukitsani Cv ndi 0.865.

Kodi kutentha kwa madzi sikungathandize?

Kumathandiza, ndipo n'kwabwino chifukwa sikudalira presha mpang'ono pomwe. Kilogalamu imodzi ya madzi imafuna 4.18 kJ kuti itenthe ndi digiri imodzi. Mukadziwa kutentha kumene jaketi ikuchotsa, kugawa ndi 4.18 ndi kusiyana kwa madigiri a madzi olowa ndi otuluka kumakupatsani makilogalamu pa sekondi.

Dzazani thanki ndi madzi otentha olemera 2000 kg, yatsani chotakasira, tsegulani madzi oziziritsa. Tinene kuti madzi a m'thanki akutsika ndi theka la digiri pa mphindi. Ndiye kuti 2000 × 4.18 × 0.5 ÷ 60, pafupifupi 70 kW. Ngati pa nthawi yomweyo madzi a mu jaketi akulowa pa madigiri 25 n'kutuluka pa 30, gawani 70 ndi 20.9 (4.18 × madigiri 5), mupeza 3.3 kg pa sekondi, womwe ndi 12 m³/h. Chitsulo cha thanki nachonso chikuzizira ndipo chotakasira chikuwonjezera kutentha pang'ono, choncho madzi enieni angaposerepo pang'ono. Kufooka kwa njirayi kuli pa zoyezera kutentha. Kusiyana kukakhala madigiri 2 okha, kuphonya ndi theka la digiri ndi kuphonya ndi 25 peresenti. Yezani mbali zonse ziwiri ndi choyezera chimodzi.

Mageji amene ndili nawo ndi okwanira?

Kawirikawiri ayi. Geji ya kalasi 1.6 imaloledwa kuphonya ndi 1.6 peresenti ya sikelo yonse, osati ya nambala imene mukuwerenga. Pa sikelo ya 0 mpaka 10 bar ndi 0.16 bar. Mageji awiri akaphonya mosemphana ndi 0.32 bar, kuposa ΔP ya 0.3 bar imene mukuifuna. Chotonthoza n'chakuti square root imachepetsa cholakwa ndi theka: kuphonya ΔP ndi 20 peresenti kumaphonyetsa madzi ndi pafupifupi 10.

Njira yotsika mtengo ndi geji imodzi yolumikizidwa kumbali zonse ziwiri ndi timavalavu, kuti muziwerenga uku kenako uko. Kunama kwake kumadzichotsa kokha. Yoposa pamenepo ndi geji yoyezera kusiyana kwa presha mwachindunji, ya sikelo yaing'ono ngati 0 mpaka 0.6 bar. Ili ndi ubwino wina umene anthu saudziwa: timapaipi take tiwiri tikakhala todzaza madzi, nkhani ya kutalika imatheratu yokha, chifukwa madzi a m'timapaipimo amalipira kusiyanako. Koma mukasiyamo thovu la mpweya, cholakwa chija chabwereranso. Tulutsani mpweya, ndipo madzi ataima geji iziwerenga ziro.

Mabowo a mageji akhale pa paipi yowongoka, patali ndi chigongono kapena valavu, ndipo mapaipi a mbali ziwirizo akhale ofanana kukula. Pakati pa mabowo pasakhale valavu imene anthu amaisintha, chifukwa akaitembenuza pang'ono Kv yanu yapita.

Presha yotayika yakwera, koma thanki sikuzizira ngati kale. Zikutheka bwanji?

Apa ndi pamene njira yonseyi imanama kwambiri. Masamu akuti madzi achuluka, pamene zoona zake n'zakuti njira yachepa. Laimu, dzimbiri, matope ndi ndere zikamatirira m'ngalande, K imakwera mofulumira, chifukwa pa madzi ofanana presha yotayika m'paipi imatsatira kukula kwa paipi pa mphamvu ya pafupifupi 5. Paipi ikachepa ndi 10 peresenti, presha yotayika imakwera ndi pafupifupi 70 peresenti. Zomatirira zomwezo zimatchinganso kutentha. Yang'anani sefa choyamba ngati ili pakati pa mageji, kenako bwerezani muyeso wa mgolo kapena wa kutentha. Kv yatsopano mukaiyerekeza ndi yakale imakuuzani mmene jaketi yadera, ndipo imeneyi ndi njira yabwino yodziwira nthawi yotsuka.

Mpweya wotsekeredwa pamwamba pa jaketi nawonso umasokoneza. Muvi wa geji umanjenjemera, mbali ya kumwamba kwa jaketi imafunda mukaigwira, ndipo kutalika kwa madzi kumene munachotsa sikukhalanso koona.

Bwanji osangowerenga pa tchati cha pampu?

Ngati pampuyo ikutumikira jaketi yokhayo, yezani presha mbali zake zonse ziwiri n'kuwerenga madzi pa tchati. Zimathandiza kutsimikizira manambala ena, ngakhale pampu yodyeka imapereka zochepa kuposa za pa tchati. Pampu ikamagawira makina ambiri, tchaticho chimangonena za madzi onse pamodzi, osati a jaketi yanu.

Ndapeza kuti madzi ndi ochepa. Ndingowonjezera presha?

Werengani kaye phindu lake. Kuti madzi awirikize kawiri pakufunika ΔP yowirikiza kanayi. Pobweza pake, kulanda kutentha kwa mbali ya jaketi kumakwera ndi liwiro pa mphamvu ya pafupifupi 0.8, kutanthauza kuwirikiza 1.7 kokha, ndipo iyi ndi mbali imodzi yokha. Kutentha kuyenera kudutsanso zimene zili m'thanki ndi khoma lenilenilo. Ngati m'thanki muli zinthu zonanda, kapena khoma ndi lokutidwa ndi galasi, chotchinga chachikulu chili kumeneko, ndipo madzi owonjezera amangodya magetsi a pampu. Chizindikiro chake n'chosavuta: madzi akamatuluka atatentha ndi digiri imodzi kapena ziwiri zokha thanki ili yotentha kwambiri, pa jaketi ya ngalande vuto si kuchepa kwa madzi. Pa jaketi wamba chosowa chimakhala liwiro, ndipo tinozulo tozungulitsa madzi kapena pampu yobwezera madzi omwewo mu jaketi zimathandiza kuposa kutsegula valavu.

Palinso malire a chitsulo. Presha ya mu jaketi imakankhira khoma la thanki mkati, ndipo khoma lopyapyala limabonyoka msanga likapanikizidwa kuchokera kunja kuposa mmene lingaphulikire likapanikizidwa kuchokera mkati. M'thanki mukakhala vacuum, kutanthauza presha yotsika kuposa ya mpweya wa kunja, onjezerani mpaka 1 bar pa presha ya jaketi kuti mudziwe imene khomalo likusenza. Nambala yololedwa ili pa chikwangwani cha thanki, ndipo iyerekezeni ndi presha ya pamlomo wa kunsi, pamene imakhala yokwera kwambiri, komanso ndi presha imene pampu imafikapo valavu yotulukira itatsekedwa.